Zimene Mchenga Unadya

Ku Calama mvula ndi mphekesera chabe.
Fumbi la mgodi limalowa m'mano, m'buledi,
m'tsitsi la Nélida Choque
amene ntchito yake n'kuyeza zimene mchenga wadya.

Lachiwiri m'mawa amubweretsera tizidutswa tiwiri,
mapasa a m'chikombole chimodzi,
chitsulo chosungunula chotuwa ngati chipululu cha panja.
Koyamba kanangozizira pomwe kanabadwira.
Kachiwiri Eusebio anakabwezera m'ng'anjo,
madigiri pafupifupi chikwi,
maola anayi kali psuu, osasungunuka,
kenako anakatulutsira ku mafani akuluakulu
olira ngati ndege yokana kunyamuka.

Ndi maso sungatisiyanitse.
Nélida atiika pasikelo, alemba manambala,
nakanikiza kalikonse pagudumu la labala.
Mchenga uyoyoka pakati, waa,
gudumu lizungulira, lizungulira,
iye akusenda lalanje ndi chikhadabo.

Koyamba kabwerako ndi chilonda chakuya
choti chala n'kugonamo.
Kachiwiri kangokandika pamwamba
monga mphaka wasewerapo n'kutopa.

Pansi pa galasi lokuza zinthu nkhani imaoneka:
tizilumba tolimba n'tomweto m'mapasa onse,
koma mnofu wotigwira ndiwo wasintha.
Mwa koyamba ndi wofewa, mchenga umaukumba
mpaka tizilumba tigweduka ngati mano a nkhalamba.
Mwa kachiwiri mwamera singano zopingasana,
zothinana, zokana kupatuka.

Eusebio sabwera kudzasuzumira pagalasi.
Akuti iye amamva ndi tupa:
ikaluma, chitsulo n'chosapsa;
ikaterereka n'kulira, chafika.
Koma m'thumba la ovololo amasungamo chibenthu
cha chaka chomwe anachita phuma.
Bwana ankafuna katundu Lachisanu,
iye anathira madzi pa chitsulo chofiira,
moto wachiwiri uja, waung'ono, wotonthoza, anaudumpha.
Usiku mlonda anamva thee! thee! m'nyumba yopanda munthu.
Kutacha, zotchingira chigayo makumi awiri
zinali ndi ming'alu kuchokera m'kati,
zolimba kuposa zonse zimene anapangapo,
zosathandiza kanthu.

Tsono masiku ano mafani akangoti zii
amabwezeranso chitsulo pa moto wofatsa,
n'kukhala pa mgolo, chipewa pabondo, kudikira.
Anyamata amati mdala wagona.

Kumtunda uko chigayo chikumeza miyala ya mkuwa
usana ndi usiku, gubudu gubudu.
Palibe chitsulo chimene chidzatulukamo chamoyo.
Funso ndi miyezi basi:
isanu kodi, kapena isanu ndi inayi
amuna asanalowenso m'mimba mwake ndi masipanala.

Nélida achotsera nambala ku inzake,
alemba magalamu otayika m'kaundula.
Pawindo aona Eusebio akudutsa pabwalo,
bondo lamanzere likukoka pang'ono,
nsapato yodyeka mbali imodzi.
Apukuta fumbi pasikelo.
Pofika masana ladzazanso.