Chachitatu Sichinadzuke

Ena Loweruka lawo limathera ku mpira,
ena pa bawo kuseri kwa msika wa ku Ulongwe.
Langa limathera kunsi kwa Zili,
msana pa chiguduli, sipanala kukamwa,
dzimbiri likundiyoyokera m'maso ngati gaga.

Ndinachigula pa okushoni ku Tete,
kumpanda wa asilikali, dzuwa likuswa mtengo.
Opikisana nane anali ogula zitsulo zakutha,
anthu oyenda ndi sikelo m'mutu.
Iwo ankawerenga makilo. Ine ndinagwada,
ndinanunkhiza oyilo, ndinamva kuti mpweya ulimo.
Zinapita ng'ombe ziwiri ndi mbatatesi ya chaka chatha.
Tinachikoka masiku awiri kudzera ku Moatize,
pachitunda chilichonse Gervaziyo ali pambuyo,
mwala wotsekera tayala uli m'manja.

Lukresiya sachulutsa mawu.
Anangoti: "Aphunzitsi, choyamba chija munati n'chotutira chimanga.
Chachiwiri munati n'chopatsa ziwalo choyamba.
Ichi ndiye chodzanyamulira maliro athu?"
Atatero anamanga chingwe cha zovala pa galasi lake.
Thadzi lake linaikira mazira asanu ndi anayi pampando wa dalaivala,
ndipo lamulo linatuluka:
injini isalire mpaka anapiye atatuluka.

Buku lake lili m'zilembo za Chirasha.
Ine amene ndaphunzitsa ana kuwerenga zaka makumi awiri
ndimalondola zithunzi ndi chala ngati wa kalasi yoyamba.
Gasiketi ndinadula pa katoni ya sopo.
Kabuleta ndinakaipeza ku Furancungo
kwa mkulu wina amene ankatsekera nayo chitseko cha khola.
Bawuti imodzi yandikana milungu itatu.
Ndaithira parafini, ndaiotcha, ndainyengerera,
ndaitukwana m'Chipwitikizi,
ili nganganga.

Wina akafunsa chifukwa, ndimati n'chibwana cha ukulu.
Sindinena kuti ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu
ndinkakuzindikira kulira kumeneku chisanatulukire pagulaye,
kuti amayi ankathira moto madzi a mumtsuko
ife n'kulowa m'chimanga chokwawa,
kuti ngakhale titawoloka malire, kumsasa ku Dedza,
lole ya ufa ikasintha giya pamtunda
kabudula wanga ankanyowa.
Sindinena kuti ndimafuna kuchiona chili gada,
matumbo ali pa thumba la feteleza,
ine ndikudziwa dzina la kachitsulo kalikonse.

M'kati mwa chitseko wina anakanda ndi msomali:
Zefaniya,
kenaka timizere makumi anayi ndi titatu.
Masiku? Maulendo? Anthu?
Kapena ndudu zimene anakongola kwa mnzake?
Penti ya buluu ndapaka ponseponse.
Pamenepo burashi ndinalambalalitsa.

Dzana anapiye anatuluka, asanu ndi awiri.
Tinabwereka batire ya kuchigayo,
ndinathira petulo wa m'botolo la Fanta pakhosi pa kabuleta,
Gervaziyo analavulira m'manja n'kugwira chopukusira.
Kamodzi. Kawiri. Kachisanu chinam'menya chigongono.
Kachisanu ndi chimodzi chinatsokomola,
chifuwa cha zaka makumi atatu,
utsi wakuda tolo! pa malaya oyera a Lukresiya,
malata a khitchini njenjenje,
agalu a mbali yonse ya kuno kuuwa.

Kenaka zii.

Ndinatsika, mawondo akuombana.
Ana a kwa aneba anali atadzaza pampanda,
wina atakwera kale kumbuyo, akuimba hutala ndi pakamwa.
Mayi wogulitsa mandasi sanadzuke n'komwe pa mpando wake.
Ndinayang'ana kumunda kwa chimanga.
Palibe amene anathawirako.

Lukresiya anaanula malaya aja, anawayang'ana,
anandiyang'ana ine.
"Sopo mugula ndinu," anatero.
"Ndipo katoni yake musadule."

Bawuti ija ikadalipo.
Loweruka likubwerali ndiyesa ndi mpaipi wautali.