Dzina Limene Sanaliwerenge

Belu la katedralo layamba kukadali chisisira.
Akuti mzinda ndi dayosizi ndi mapasa,
michombo yawo inakwiriridwa dzenje limodzi.
Ndatsika minibasi ya ku Mufakose,
bulauzi yoyera ikununkhabe simbi.

Jakaranda wayoyokera pamsewu,
malipenga a khonsolo akugonthetsa m'khutu.
Keke ndi imodzi, mpeni agwirizira awiri:
wa unyolo pakhosi ndi wa ndodo yopindika.

Kenaka mayina. Azungu, mabishopu, makhansala.
Ndatchera khutu mpaka khosi kuuma.
La Yotamu Kachigamba mulibe.

Bambo anga amenewo.
Anachoka ku Matope wapansi,
nawoloka pa Tete bulangete lili pamutu.
Zaka makumi atatu akusesa misewu ino kusanache
kuti Harare adzuke atasamba kale.
Loweruka ankapukuta mabenchi ano,
Lamulungu nkukhala kumbuyo, pafupi ndi chitseko.
Akawatcha mubulandaya ankangovula chipewa.
Kwawo anawalira kalekale, mtchona.
Agona ku Warren Hills, mtanda chiswe chinamaliza.

Mutu umodzi susenza denga, timatero.
Nanga mitu inayo inalowera kuti
denga litakwera?

Kwaya itayambitsa nyimbo ya Chishona
ndalitchula ndekha, mokweza ndithu,
pakati pa ndime yachiwiri ndi yachitatu.
Mayi wa pambali panga wandicheukira,
nandisunthira buku kuti tionere limodzi.

Potuluka ndayendetsa chala pa benchi yomalizira.
Fumbi.
Ndamasula mpango kumutu.
Ziphuliphuli za chikondwerero zindipeze ndikupukuta.