Mbalame Zosauluka

Achimwene a Chawanangwa atumiza kanema
kuchokera ku Kepitawuni: akuti mapengwini,
ovala majekete akuda ngati madikoni,
akudzandira pamchenga,
ena afungatira mazira m'mauna.
Akuti amalira ngati abulu.
Fungo lake, akuti usafunse.

Ndaonera kawiri, bandulo yatha.

Kuno ku Chibavi nkhungu sinachoke.
Ndatsikira kudambo la Lunyangwa
komwe atchete apachika zisa pabango,
phokoso ngati msika wa Zigwagwa.
Wamphongo waluka, wamkazi wasuzumira,
wakana.
Wayambanso, udzu kukamwa.

Achimwene, chaka chachisanu ndi chimodzi chino.
Nyumba munayamba ija inaima pawindo,
njerwa zamera ndere,
mlamu amayanikapo zovala.
Mbalame zanuzo mapiko zili nawo, ndaona.
Nanga inu?