Kuphunzitsa Nyali Ulemu

Anaibweretsa Lachiwiri, mvula yamawawa ili mkati,
galimoto yakuda bii, mipando ikununkhirabe chikopa.
Mwini wake sanatsike, anangotsitsa galasi pang'ono:
"A Luhanga, ndikamadutsa m'Chikangawa usiku
nyalizi zimawerenga mitengo ya paini, msewu osauona."

Nditasegula ndinapeza kamota kotembenuza diso lakumanja kali moyo,
koma kachitsulo koligwira katathyoka ngati fupa la nkhuku.
Kuno ku Luwinga zotere sizipezeka pa shelefu.
Ndinajambula kena pa katoni ya sopo,
pensulo ndikusongola ndi mpeni wosendera waya.
Koyamba kanafupika. Kachiwiri kanakhudza bampala.
Kachitatu Vinjeru anadula, nawotcherera, napala,
ine n'kuboola mabowo awiri ataliatali
kuti diso lipeze poyendera
likafuna kudzuka, likafuna kuwerama.

Ntchito yeniyeni imadikira mdima.
Tinaikankhira pamalo osalala, masitepe khumi kuchoka kukhoma,
matayala onse mpweya wofanana,
Vinjeru pampando wa dalaivala kuti alemere ngati bwana,
ngakhale mwanayo ndi wowonda, tinamuwonjezera batire pamiyendo.
Mzere wa choko pakhoma. Kamtanda kuno, kamtanda uko.
Ndiye sikuluu, pang'onopang'ono,
theka la kuzungulira, n'kuima, n'kuyang'ana.
Kuwala kunatsika khoma ngati munthu wotsika makwerero
mpaka kunagwada pansi pa mzere.

"Bwanji osaisiya m'mwamba, iziona patali?" anafunsa mnyamatayo.
Ndinati: chifunga cha kuno ukachithira kuwala kumaso
chimakubwezera konse, umangoona mkaka.
Komanso kutsogoloko kumabwera anthu.
Nyali yabwino imadziwa pothera pake.

Bwana analipira osawerenga, chenje osafunsa.
Dzina langa sindikudziwa ngati analisunga.

Loweruka magetsi anazima tauni yonse.
Ndinkapita kwathu ku Mchengautuwa wapansi,
m'mphepete mwa phula, jekete litanyowa,
patsogolo panga wakabaza atanyamula mayi ndi thumba la makala.
Minibasi inatithobwa m'maso, tonse tinapatukira m'matope.
Lole nayo chimodzimodzi. Wakabaza anatukwana m'Chitumbuka.

Kenaka pokhota paja, kupitirira Katoto,
kunatulukira maso awiri oyera mbee.
Anakhota limodzi ndi msewu, mwakachetechete,
kuwala kwake kunatigwira m'mawondo, n'kulekera pomwepo.
Ndinaona dzenje lomwe ndikanapondamo.
Wakabaza sanagwedezeke, mayi uja sanaphimbe nkhope.

Inadutsa, madzi a m'msewu n'kundiwaza pathalauza.
Wam'katimo sanandione, ndipo n'chifukwa chiyani akanandiona?
Koma diso lakumanja lija ndinalizindikira,
lili pa kachitsulo kanga ka pa katoni ya sopo,
likuweramira anthu oyenda pansi
mmene ndinaliphunzitsira.