Zotsala za Pansi pa Makina

Pakhonde la sitolo ya Che Saizi, pa Kamuzu Road,
makina anga akhala akulira chiyambire mbandakucha.
Mawa ndi Khirisimasi.
Ndasoka madiresi khumi ndi anayi a ana a eni,
asanu akadali lende pachingwe apa,
eni ake akuti malipiro sanalowe.

Akabaza akudutsa ndi nkhuku zozondoka pahandulo,
wina wamanga thumba la mpunga pakaliyala,
sipika ya pagolosale ikubwereza nyimbo imodzimodzi.
Ine ndikuwerenga zanga:
lendi ya nyumba ku Msangu,
ngongole ya banki m'khonde yofunika Lachisanu,
chimanga chomwe ndinabzala ndi mvula yoyamba ku Katelera
chapota masamba ngati ndudu.

Lamulungu lapitali abusa anati titule mitolo yathu.
Ameni ndinamuyankha mokweza ndithu.
Koma nkhawa siimva ulaliki,
imakhala nane pampando womwewu
n'kumapalasa makina ndi phazi langa.

Cha m'ma folo Sungeni watulukira, thukuta pamphuno.
"Amayi, andisankha kukhala Mariya usiku uno.
Akuti ndibwere ndi nsalu yabuluu yofunda kumutu."
Ndayang'ana pachingwe. Ndayang'ana m'kachikwama.
Bambo ake ali ku Joni, chaka chachitatu tsopano,
foni yawo imangoti tiyesenso nthawi ina.

Pansi pa makina pali jumbo ya zotsala:
mkono wa yunifomu ya pulayimale,
mpendero wa siketi ya mayi wina wa kwaya,
chitenje cha chipani chomwe ndadulako nkhope.
Zonse n'zabuluu, koma palibe zofanana.
Ndayamba kulumikiza.

Magetsi thi!
Che Saizi atuluka, kofiya kumutu, ayatsa tochi ya foni.
"Sokani, mama. Mariamu nafenso timamudziwa."
Aima pamenepo mpaka mkono watopa,
asintha mkono winawo,
osafunsa za lendi ya khonde.

Kutchalitchi ndakhala kumbuyo, ulusi ukadali pamalaya.
Khola ndi mabenchi awiri.
Modyera ng'ombe ndi katoni ya sopo.
Yosefe wavala jekete la agogo ake, manja osaoneka,
nkhosa imodzi ikulira yeniyeni, ikufuna amake.
Kenako Sungeni, pang'onopang'ono,
misoko yanga yonse ili poyera pansi pa kandulo,
wawerama, wavula nsalu ija kumutu,
zomwe sanamuphunzitse,
wafunditsa kachidole kopanda mkono umodzi.

Pamenepo phazi langa laleka kupalasa.
Sindinadziwe kuti limapalasabe.

Kodi Inu, mwini thambo ndi zonse,
munavomera kugona m'zotsala?
Amayi anu nawo anafika usiku, kwa eni,
opanda pogona, opanda chosinthira,
ndipo Inu simunadikire kuti zinthu zikhale bwino kaye.
Munangobwera.

Sindinapemphe zambiri.
Ndinangoti: nazi, Ambuye,
lendi, Lachisanu, Katelera, foni yosayankha.
Sizifanana, ndalephera kuzilumikiza.
Singano gwirani ndinu.

Pobwerera tadutsa panjanji, mdima bii,
Sungeni akundifotokozera mawu omwe anaiwala.
Kutali, cha ku Dedza, mphezi ikung'anima yopanda phokoso.
Kaya ifika kuno, kaya ithera komweko.
Madiresi asanu aja akadali a eni.
Mawa kuli tiyi ndi mandasi anayi,
limodzi ndikasiyira Che Saizi.

Ndayala mphasa, ndamufunditsa mwana nsalu yake.
Udzudzu ukuimba monga mwa masiku onse.
Kwa nthawi yoyamba chilowere Disembala
ndagona osawerenga kanthu.