Siginecha ya Dominga

Ine ndine Zuze Alufandika,
wa pansi pa msangu, kuseri kwa msika wa Nchalo.
Zaka makumi atatu ndikuwongola malimu,
kumata machubu a anyamata a kabaza,
ndipo njinga ikandikanika ndimauza mwini wake:
pita nayo, ikakafera panjira ukaikankhe.

Mwana wanga sanganene mawu amenewo.
Zake zikafa zimafera m'mwamba,
kopanda mthunzi woti upatukirepo.

Adayamba ndi kundibera sipanala ya teni.
M'mamawa ndege yachikasu yopopera mankhwala
inkameta nsonga za nzimbe,
anzake liwiro, kukuwa, kugwa m'ngalande,
iye chilili, khutu kumwamba:
Ababa, lero ikutsokomola.
Ndidamukalipira kuti akatunge madzi.
Mawa lake sidauluke.

Chaka cha madzi chija,
Shire atalowa m'nyumba za anthu ku Makhanga,
helikoputa idatera pabwalo la sukulu.
Tonse maso pa woyendetsa, wa magalasi akuda.
Dominga maso pa winayo,
wamfupi, wa ovololo, tochi kukamwa,
amene adagwada pansi pa chinthucho ola lathunthu
anthu akudikira m'mitengo.
Msilikali adamukalipira. Iye osatembenuka.
Atadzuka adapukuta manja, nalemba m'buku,
ndipo mapiko adayamba kuzungulira.

Ng'ombe ziwiri zidapita.
Thonje la zaka zitatu lidapita.
Alamu anga a ku Ngabu adati:
mtsikana ndi girizi? Bwenzi ali namwino.
Mayeso a zamagetsi adamugwetsa kawiri,
ankalira pafoni mpaka mayunitsi kutha,
ine ndili ndi pampu m'manja, wopanda choyankha.
Kenaka zaka zinayi ku Chileka,
kutsuka zitsulo, kugwirira anzake makwerero,
madzulo kuwerenga zida chimodzichimodzi,
poti sipanala imodzi ikasowa
palibe woweruka, ngakhale bwana,
kufikira ipezeke kunja kwa mimba ya ndege.

Laisensi adabwera nayo pa Khirisimasi.
Ine ndinkayesa idzakhala yaikulu ngati chitseko.
Amake adaikulunga m'chitenje
kuopa thukuta la anthu ofuna kuigwira.

Tsopano foni yake sipuma.
Ku Lumbadzi akumufuna pa zikuluzikulu zija,
a kumigodi ku Tete alonjeza nyumba,
wina wa ku Nairobi waimba kawiri.
Akuti okonza akale akukalamba, maso akuchita mdima,
ndege zikuchuluka, manja ndiwo ochepa.
Amake akufuna Chileka, poti minibasi imafika.
Ine ndangokhala chete.
Ndidziwa chiyani za malo okhala ndi chisanu?

Dzulo adakhala nane pansi pa msangu,
dzuwa likuphika mchenga, mbuzi zili wefuwefu.
Adagwira nati yomwe ndidangomanga kumene:
Ababa, iyi mwamanga ndi mkwiyo.
Chitsulo chili ndi muyeso wake,
mukapyola chimasunga chakukhosi,
chidzabwezera tsiku lomwe mwaiwala.
Anyamata a kabaza adaseka mpaka kugwira nthiti.
Ndidaimasula. Ndidaimanganso.

Kuwerenga sindidziwa,
koma siginecha yake ndimaizindikira:
imayamba ngati hendulo yopindika
n'kuthera kamchira kokwera m'mwamba.
Akuti popanda iyo injini siilira,
woyendetsa angovala magalasi ake n'kukhala pansi.

Ndiye dzina ili la Alufandika,
lolembedwa m'makope a ngongole a m'magolosale,
lomwe silidakwerepo Thabwa koposa kasanu,
lero limagona m'buku, kuseri kwa mpando wa woyendetsa,
n'kudutsa pamwamba pa Shire, pamwamba pa mapira anga.

Ikamalira m'mamawa ndimaika chubu pansi.
Ndimatchera khutu monga ankachitira mwana uja.
Sindimva kanthu.
Akuti ndiye kuti zili bwino.