Mukasochera, Dinani Apa

Matalala aleka pa Rockey Street,
mataxi achepa, Tesifaye watsitsa chitseko chachitsulo
n'kundisiyira makiyi ndi mawu awiri:
"Lufeyo, anthu akwanu amafunsa zomwezomwezo.
Alembere, aziwerenga okha."

Ndiye ndakhala pa kompyuta yachinayi,
ija yofufutika chilembo cha A,
tiyi akuzizira m'kapu yothoka chogwirira,
ndikulemba fayilo ya thandizo m'chinenero chakwathu.

Mutu woyamba: Kuyatsa.
Batani lili kumanja. Dinani kamodzi.
Dikirani. Musalimenye.

Pofika pa desikitopu ndaima.
Nditi tebulo? Nditi bwalo?
Ndalemba tebulo, ndafufuta.
Ndalemba pakhomo,
poti aliyense amayambira pomwepo
ndipo akasokonezeka amabwerera pomwepo.
Ndasiya choncho.

Kambewa kaja Mayi Nachisale amakagwira ndi zala ziwiri
ngati kawaluma,
amakanyamula m'mwamba n'kudabwa kuti muvi sukusuntha.
Ndawalembera mzere wawowawo:
Kasiyeni pansi, mayi, kakokeni mwachifatse
ngati mmene mumasitira kolala ya abwana ku Sandton.

Foda ndi chikwama.
Fayilo ndi kalata ya m'chikwamamo.
Zenera ndi zenera basi, kungoti sililowetsa mphepo.
Kamzere kapakona kamalibisa, sikalitaya,
ndipo apa ndadetsa zilembo kuti bii
chifukwa cha Ziliro wa ku Ntaja
amene Lachiwiri anagwira mutu pampando uwu,
ati kalata yofunsira ntchito yamira
pamodzi ndi marandi ake makumi awiri,
chikhalirecho inangonyonyomala pansi pa sikirini
ngati thadzi lofungatira.

Kusunga: Ctrl ndi S, pafupipafupi.
Magetsi a ku Joni satsanzika.

Tsopano mutu wa mafunso.
Ndili ndi kope lomwe ndakhala ndikutolera
zimene anthu amanong'oneza pakauntala.
Pulinta yakana, nditani?
Ndaiwala pasiwedi, nditani?
Izo ndayankha, mizere itatuitatu.
Koma m'kopemo mulinso zina.
Masiku a m'pasipoti atha, ndidine pati?
Chithunzi cha maliro a bambo sichikutseguka,
chikungozungulira, chikungozungulira.
Pa adiresi ndilembe chiyani
poti timagona asanu ndi mmodzi
kuseri kwa katani m'nyumba ya munthu wina?
Kenako la mkulu wina wa ku Mwanza,
amene anachotsedwa ntchito ya ulonda popanda malipiro:
"Achimwene, akuti pali batani lobwezera zinthu mmene zinalili?"

Lilipo, bambo. Ctrl ndi Z.
Limabweza chilembo, limabweza mzere,
likakoma mtima limabweza ndime yonse.
Miyezi itatu silibweza.
Ndalemba zimenezi, ndaziyang'ana,
ndadina Ctrl ndi Z.

Cha m'ma thu koloko ndalumikiza masamba,
ili lilozere ilo, ilo libwerere pakhomo,
kuti wina asathere m'tsamba lopanda potulukira.
Ulalo umodzi unali wakufa, ndaukonza.
Pakompyuta zonse zisanu ndi ziwiri
ndaika kachizindikiro ka funso,
pansi pake dzina: Thandizo.
Kunja galimoto ya apolisi yadutsa mosafulumira,
kuwala kwa buluu kwanyambita denga n'kupita.

Mzere womaliza ndaulemba kanayi.
Watsala ndi uwu:
Zikakanika zonsezi, dzukani,
bwerani pakauntala, funsani Lufeyo.

M'mawa Mayi Nachisale afika ndi ambulera yawo,
akhala pa yachinayi, akokera kambewa pansi,
adina. Akuwerenga mokweza, chala pasikirini,
chilembo ndi chilembo, ngati kalata yochokera kumudzi.
Pa kolala paja aseka mpaka kutsokomola.
Afika pamapeto, atembenuka.

"Ndamva zonse, mwanawe, n'zomveka.
Koma tabwera ukhale apa,
uzingondiyang'ana ndikamadina."